Kukasaka tahr, mbawala ndi abakha ku New Zealand: kakonzedwe ka ulendo wake

Ku New Zealand kuli nyama zimene boma lenilenilo limapempha alenje kuti azizipha. Kwa ife amene tinakulira kumene kupezeka ndi mfuti ku Liwonde kapena ku Nyika ndi mlandu wa zaka zambiri m'ndende, zimenezi n'zovuta kukhulupirira, koma chifukwa chake n'chomveka. Poyamba zilumba zimenezi zinalibe nyama yoyamwitsa ya pamtunda kupatula mileme. Mbawala zonse ndi mbuzi za m'mapiri zinachita kubwera pa sitima. Mbawala za red deer anayamba kuzimasula m'tchire m'zaka za m'ma 1850. Tahr, mbuzi ya ku mapiri a Himalaya, inafika mu 1904 monga mphatso ya Duke of Bedford wa ku England, ndipo anaisiya pafupi ndi phiri la Aoraki. Chamois, nyama yaing'ono yonga mbuzi ya m'mapiri a ku Ulaya, inatsatira mu 1907, yotumizidwa ndi mfumu Franz Joseph ya ku Austria. Kumeneko kulibe mkango, kambuku kapena fisi, ndiye zinaswana mpaka kuyamba kumaliza nkhalango ndi udzu wa m'mapiri. Mu 1930 boma linasiya kuteteza mbawala n'kuyamba kulemba ntchito anthu oti azizipha.

Nyama ndiye iliko. Chimene chimabweza alendo chimanjamanja ndi mapepala ochedwa, miyendo yosakonzeka ndi nyengo ya m'mapiri imene sichedwa kutembenuka. Malangizo awa atsata zimenezo mwa dongosolo limene muyenera kuzichitira.

Yambani n'kusankha masiku

New Zealand ali kummwera kwa dziko lapansi monga ife, choncho kuzizira kwawo kumabwera miyezi yomweyi ya Meyi, Juni ndi Julayi, kungoti kwawo kumadza ndi chipale m'mapiri ndipo usana umafupika kwambiri.

Nyama zimenezi sizipsa nthawi imodzi. Mphongo za red deer zimabangula pofuna zazikazi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Epulo, ndipo alenje akumeneko amaitcha nyengo imeneyi roar. Mbawala za fallow zimachedwerapo pang'ono, mpaka kumayambiriro kwa Meyi. Kusaka abakha kumatsegulidwa Loweruka loyamba la Meyi chaka chilichonse. Matonde a tahr amasakanikirana ndi zazikazi kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Julayi, ndipo ndi pamene ubweya wawo wam'khosi umakhala utatalika bwino. Chamois nayo imakwerana mu Meyi ndi Juni.

Ngati mukufuna zonse pa tikiti imodzi, fikani sabata yomaliza ya Epulo. Yambani ndi mbawala, abakha akupezeni pa Loweruka lotsegulira, phiri libwere pomaliza thupi litazolowera kuzizira. Kubangula kudzakhala kukutha, inde, koma mphongo zimakhalabe ndi nyanga zake mpaka nyengo yozizira itapita. Masabata atatu ndiwo okwanira. Pa masiku a kuphiri onjezanipo awiri kapena atatu ongokhala, chifukwa mvula idzakulandani ena, mufune musafune.

Chilumba cha kummwera, South Island, ndicho chili ndi tahr ndi chamois, choncho tikiti yanu ikhale ya ku Christchurch kapena Queenstown.

Namulondola, kapena nokha?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusaka nokha pa malo a boma amene amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yosamalira zachilengedwe, Department of Conservation, imene aliyense amangoitcha DOC. Chilolezo chosakira m'madera otseguka n'chaulere, chimatengedwa pa intaneti, ndipo m'malo ambiri mbawala, tahr ndi chamois zilibe nyengo yotseka. DOC ili ndi tinyumba togona ta m'tchire toposa 950. Kwa munthu amene anayendapo m'mapiri a chipale, njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndithu.

Ulendo woyamba ine ndimati tengani namulondola. Mtengo wake ndi madola a ku America masauzande angapo, ndipo kwa amene akuchokera ku Malawi, kumene ndalama zakunja sizipezeka tsiku limene wazifuna, nkhani ya ndalama ya chikole iyambike kutatsala chaka kuti munyamuke. Funani amene ali membala wa New Zealand Professional Hunting Guides Association, ndipo ngati adzakutengerani pa malo a boma, akhale ndi chilolezo cha DOC chochitira malonda pamenepo.

Musanalipire, m'funseni mafunso awa molemba, ayankhenso molemba. Kodi mbawalayo ndi ya m'tchire kapena ya mumpanda? Zithunzi zambiri za mphongo za nyanga zodabwitsa zimene mumaona pa intaneti ndi za m'mafamu otchingidwa ndi mpanda wautali, kumene nyama amazibereketsa dala chifukwa cha nyanga, ndipo mtengo umakwera molingana ndi kukula kwa nyangazo. Si zoletsedwa, koma mudziwe chimene mukugula. Mphongo ya m'tchire ya nsonga 12, zisanu ndi imodzi mbali iliyonse, ndi nyama yoti mlenje aliyense angainyadire. Kodi tahr tidzaisaka pansi kapena pa helikopita? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Helikopita yokusiyani pa msasa n'kudzakutengani patapita masiku ndi thandizo labwino. Koma palinso ena amene amaifunafuna nyama ali m'mwamba, n'kukutsitsani pafupi nayo kuti muwombe. Lamulo limalola zimenezo m'madera ena, koma ine sindizitcha ulenje, ndipo alenje ambiri akumeneko amanyansidwa nazo. Funsaninso ngati nyama yolasidwa n'kuthawa imalipiridwa, chifukwa ambiri amaiwerenga ngati yaphedwa, komanso chimene chimachitika ndi ndalama zanu tsiku limene nyengo yakaniza kutuluka.

Mapepala, miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike

Okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa ayenera kupempha viza ya mlendo ku Immigration New Zealand. Amene ali ndi pasipoti ya Britain amangofunika chiphaso cha pa intaneti chotchedwa NZeTA. Pamwamba pake pali msonkho wa alendo umene unakwera kufika madola 100 a ku New Zealand mu Okutobala 2024. Ngati ndege yanu idutsira ku Sydney kapena ku Perth, onetsetsani za viza yodutsira ya Australia, pakuti mapasipoti ambiri a kuno amaifuna ngakhale musatuluke m'bwalo la ndege.

Nkhani ya mfuti ndiyo imadya nthawi. Mlendo amene akufuna kubwera ndi mfuti yake, kapena kusaka popanda womuyang'anira, ayenera kukhala ndi layisensi ya mlendo yochokera ku Te Tari Pūreke, nthambi ya apolisi yoona za mfuti. Amafuna umboni woti kwanu muli ndi layisensi, ndipo amalangiza kupempha kutatsala miyezi inayi. Mfutiyo imafunanso chilolezo chake cholowera. Chichitikireni chiwembu cha m'mizikiti ya ku Christchurch mu Malichi 2019, mfuti zambiri zodzilowetsa zokha chipolopolo n'zoletsedwa, ndipo shotgun yolowa zipolopolo zoposa zisanu salola. Kwanu apolisi akupatseni chilolezo chotulukira nayo. Mukadutsira ku Johannesburg pali fomu ya SAPS 520. Kampani ya ndege iyenera kudziwa pasadakhale, mfuti ikhale m'bokosi lolimba lokhoma, ndipo zipolopolo zisapose makilogalamu 5.

Mukawerenga zonsezo muona chifukwa chake ndimalangiza kusiya mfuti kunyumba. Lamulo la New Zealand limalola munthu wopanda layisensi kuwomba ngati ali pambali pa mwini layisensi amene akumuyang'anira nthawi yonseyo, ndipo anamulondola ambiri amabwereketsa mfuti zabwino, zoikidwa kale chochepetsa phokoso, chimene kumeneko n'chololedwa. Chofunika n'chakuti tsiku loyamba muiyese pa chandamale, pa mamita 100 kenako 200 ndi 300, mutagona pansi n'kuitsamiritsa pa chikwama, mpaka muidziwe.

Mapepala otsala ndi awiri. Chilolezo cha DOC ndi cha nyama zazikulu, ndipo pa mfuti chimalola rifle yokha, yoyambira pa .222 Remington kupita m'mwamba. Abakha ali ndi layisensi yawo ya Fish & Game New Zealand. Gulani ya nyengo yonse, chifukwa ya tsiku limodzi sigwira ntchito masiku otsegulira. Inshuwalansi musaiwale. Bungwe la boma la ACC limathandiza ngakhale alendo akavulala pa ngozi, koma silikhudza matenda wamba kapena ndege yokubwezani kwanu.

Konzani thupi

Aoraki ndi wotalika mamita 3,724, koma tahr simudzaisaka pansonga. Vuto ndi kutsetsereka kwa mapiriwo. Mumayambira m'chigwa cha mtsinje n'kukwera mamita 800 kapena 1,000 pa miyala yogumukagumuka ndi udzu woterera, kenako n'kutsika madzulo mutasenza chikopa, mutu ndi nyama. Kutsikako ndiko kumathyola mawondo.

Kutatsala miyezi inayi kuti munyamuke yambani kukwera zitunda ndi chikwama, poyamba cha makilogalamu 8, mpaka mufike pa 20. Amene ali ku Malawi ali ndi mwayi wa Mulanje. Kukwera kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe n'kutsika tsiku lomwelo kudzakuuzani zoona za miyendo yanu. Zomba ndi Dedza nazonso zithandiza. Valani jombo zomwezo zimene mudzapite nazo, zolimba kunsi, zogwira akakolo. Jombo yatsopano yovalira kuphiri imatupitsa matuza tsiku loyamba lomwe.

Zovala za thonje zisiyeni. Zikanyowa ndi thukuta siziuma, ndipo mukaima kuti muyang'ane nyama zimakuyamwani kutentha konse. Mkati valani zaubweya wa nkhosa za merino, pamwamba juzi yofunda, kunja jekete ndi buluku zosalowa madzi. Onjezani magolovesi awiriawiri, chipewa chofunda, zotchinga m'miyendo chifukwa cha minga ya matagouri ndi udzu wobaya wa speargrass, tochi ya pamutu, ndi magalasi oonera patali a 10x42. Zambiri mwa izi mukhoza kugula ku Christchurch. Chimene simuyenera kukwera phiri popanda icho ndi kachipangizo koitanira thandizo kudzera pa setilaiti, kotchedwa PLB. Amabwereketsa m'masitolo a katundu wa m'tchire. M'zigwa zimenezo netiweki ya foni kulibe.

Pabwalo la ndege

Tsukani jombo, tenti ndi chikwama musananyamuke, mpaka dothi la m'mizere ya kunsi lichoke ndi burashi, ndipo muzitchule pa fomu yolowera. Dzikoli lilibe matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto, ndipo salekerera. Kubisa kapena kuiwala kutchula chinthu ndi chindapusa cha madola 400 a ku New Zealand pomwepo. Nyama yowamba, uchi, zipatso ndi mbewu zisiyeni kunyumba. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 10 miyezi imeneyi, ndiye dzipatseni masiku awiri ogona musanagwire mfuti.

Mbawala

Tulukani kusanache mukakhale pamalo okwera n'kumvetsera. Mphongo imabangula mozama, ndipo kukazizira m'mawa mawu ake amadutsa chigwa chonse. Alenje amaiyankha ndi nyanga ya ng'ombe kapena paipi ya pulasitiki. Ikapsa mtima imabwera yokha kudzathamangitsa mlendo. Pena imangoyankha ili pomwepo, ndiye muyenera kuiwendera.

Mphepo ndiyo zonse. M'mawa kwambiri imatsika ndi phiri, dzuwa likatentha imatembenuka n'kuyamba kukwera, madzulo imatsikanso. Muziimva pankhope nthawi zonse. Mphongoyo ikhoza kukhala yosokonezeka ndi chilakolako, koma zazikazi zimene yazungulira n'zatcheru, ndipo ndizo zimakuonani poyamba. Yang'anani matope amene imagubudukamo, onunkha kwambiri, ndi timitengo tokungudzidwa makungwa ndi nyanga. Mukapeza zimenezo zili zatsopano, chepetsani liwiro.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchimve bwino. Nyengo ya kubangula ndi imene alenje amawomberana, chifukwa anthu amadzaza m'nkhalango, aliyense akulira ngati mphongo ndipo aliyense akuwendera kulira kwa mnzake. Kawirikawiri wowomba ndi wowomberedwa amakhala a gulu limodzi amene anapatukana. Pa malamulo asanu ndi awiri a mfuti amene amaphunzitsa kumeneko, lachinayi limati uzindikire chimene ukuwomba popanda chikayiko chilichonse. Mtundu wofiirira m'masamba si mbawala. Kugwedezeka kwa nthambi si mbawala. Muone mutu, khosi ndi phewa, muwerenge nsonga za nyanga, muonenso chimene chili kuseri kwake. Mukapatukana ndi mnzanu, chotsani chipolopolo ndipo musasakenso mpaka mutaonana. Valani chovala chowala cha olenji kapena buluu. Pa malo a DOC kusaka usiku n'koletsedwa, kusaka ndi tochi kapena zipangizo zoonera mumdima n'koletsedwanso, ndipo simuwomba pafupi ndi tinyumba togona, misasa kapena njira za anthu.

Abakha

Tsiku lotsegulira ndi chikondwerero cha mabanja, makamaka ku Southland ndi ku Waikato. Anthu amabwerera kumudzi kukakhala m'kachisakasa kobisalamo m'mbali mwa dziwe, kamene amakatcha maimai. Pa madzi a boma, monga nyanja ya Te Waihora pafupi ndi Christchurch, malo abwino amakhala ataikidwa kale zizindikiro ndi eni ake masabata angapo m'mbuyo, ndiye mlendo asangofika n'kukhala pa maimai a wina. Namulondola wanu akhale atakonza dziwe la pa famu, kapena pitani mkati mwa sabata anthu atabwerera kuntchito.

Mumalowa kukadali mdima, n'kuyala abakha apulasitiki pamadzi, kusiya mpata pakati woti enieniwo aterepo. Bakha amatera moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, choncho khalani mphepo ikukuombani kumsana. Nkhope ibisike, pakuti ndiyo imawala. Wito wotsanzira kulira kwa bakha muuimbe pamene akupita kapena akuzungulira, ndipo akalunjika kwa inu khalani chete. Dikirani atambasule mapiko, miyendo italendewera, pa mamita 30 kapena kucheperapo. Tsiku la mphepo ndi kamvula ndilo labwino. Kukakhala bata abakha amakakhala pakati pa nyanja kapena kugombe, osabwera.

Zipolopolo za mtovu n'zoletsedwa posaka mbalame za m'madzi pa mtunda wa mamita 200 kuchokera pamadzi, ndiye mugwiritsa ntchito zachitsulo. Maola owombera, kutalika kwa nyengo ndi chiwerengero chololedwa pa tsiku zimasiyana m'zigawo 12 za Fish & Game, ndipo zimalembedwa m'kabuku ka chaka chimenecho. Werengani ka chigawo chimene mulimo.

Phunzirani mbalamezo musanapite. Mallard ndiye wochuluka. Paradise shelduck ndi wamkulu, amakonda msipu wa m'mafamu, ndipo wamkazi ndiye wa mutu woyera, wamwamuna wa mutu wakuda. Koma grey teal, kabakha kakang'ono kouluka mwaliwiro, n'koletsedwa kuwomba ngakhale kamabwera pamodzi ndi enawo m'bandakucha. Whio, bakha wa m'mitsinje yothamanga ya m'mapiri amene ali pa ndalama yawo ya madola 10, ndi wotetezedwa kotheratu. Mukamuona pa ulendo wa tahr, imani mumuonerere.

Phiri

Tahr amakhala pakatikati pa mapiri a Southern Alps. Mbali ya kum'mawa, kumitu ya mitsinje ya Rangitata, Godley ndi Macaulay, ndi youmirapo ndi yotseguka, ndipo galimoto yamphamvu imafika patali potsata mtsinje. Mbali ya kumadzulo, ku Whataroa ndi Landsborough, ndi ya nkhalango yowirira, maphompho ndi mvula yoti malo ena imaposa mamita 10 pa chaka. Kumeneko ambiri amalowa pa helikopita, ndipo m'madera ena otetezedwa kwambiri malo oterapo amagawidwa mwa maere miyezi ingapo nyengo isanayambe. Woyamba kumene apite kum'mawa.

Ulenje wa tahr ndi wa maso kuposa miyendo. Masana amagona m'matanthwe okwera, madzulo amatsikira ku udzu kudzadya, m'mawa amakweranso. Choncho khalani pansi moyang'anizana ndi phiri, tsamirani chikwama, zigongono pa mawondo, ndipo muyang'ane mtsetse umodzi pang'onopang'ono, thanthwe ndi thanthwe. Poyamba simudzaona kanthu. Kenako mwala wina wakuda udzasuntha. Tonde wokhwima amaoneka wakuda kumbuyo, wotambalala kutsogolo, ubweya wam'khosi wotuwira ukuuluzika ndi mphepo mpaka m'mawondo. Zazikazi n'zazing'ono ndi zofiirira, ndipo zikakuonani zimaliza mluzu wakuthwa, gulu lonse n'kukwera pamalo amene munthu sangafike.

Musathamangire tonde woyamba. Nyanga za tahr n'zazifupi, ndipo ya mainchesi 12 ndi yabwino kale, ya 13 ndi yosowa. Zaka zimawerengedwa pa mizere ya panyanga. Wa zaka zinayi kapena zisanu amaoneka wamkulu kwa mlendo, koma musiyeni akule. Funani wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Ngati mukufuna ndiwo, wombani yaikazi. Nyama yake ndi yokoma kuposa ya tonde wa nyengo yokwerana, amene amanunkha, ndipo kuchepetsa zazikazi ndiko DOC imapempha alenje, pakuti ndondomeko ya boma ya 1993 inaika malire a tahr pa 10,000.

Chamois ndi yaing'ono, yopepuka, yoima pa miyala ngati chinkhoma, ya nkhope yoyera yokhala ndi mizere yakuda ndi tinyanga topindikira kumbuyo kunsonga. Maso ake ndi akuthwa kwambiri. Musadutse pamsana pa phiri mutaimirira, chifukwa thupi lanu likaonekera kuthambo yakuonani kale. Kwawani, suzumirani pambali pa mwala. Nyama zonse ziwirizi zimayang'anira zoopsa kumunsi, ndiye wozifikira kuchokera pamwamba amakhala ndi mwayi.

Powomba motsetsereka, kaya chokwera kaya chotsika, chipolopolo chimagunda pamwamba kuposa mmene mumayembekezera, chifukwa chimene chimachigwetsa ndi mtunda wopingasa, osati wotsata phiri. Makina oyezera mtunda amakono amawerengera okha zimenezi. Mfuti za .270, .308 kapena 7mm zimakwanira. Ubweya wa tonde umanamiza: thupi lili pamwamba kuposa pamene ubweyawo ukuthera, choncho tsatani mwendo wakutsogolo mukwere nawo mpaka pakati pa phewa. Mtunda umene simunauyesepo pa chandamale musauyesere pa nyama.

Musanakhudze chowombera dzifunseni kumene nyamayo idzagwere. Tonde woima pamphepete pa phompho akagwa amaphwanyika nyanga, kapena amakodwa pa shelefu ya thanthwe imene palibe angaifike. Alenje ambiri amene amavulala kapena kufa m'mapiri amenewa amachita kugwa, ndipo nthawi zambiri amagwa akutsatira nyama pamalo amene sakadapondapo mwa iwo okha. Dikirani asunthire pa udzu. Akapanda kusuntha, mawa liliko. Kumbukiraninso kuti dzuwa kumeneko limadutsa kumpoto, ndiye mitsetse yoyang'ana kummwera imakhala youndana tsiku lonse. Udzu wokutidwa ndi chisanu ndi woterera koopsa. Pa chipale cholimba pamafunika zitsulo zomangira kunsi kwa jombo ndi kankhwangwa kake, ndipo ngati simunaphunzire kuzigwiritsa ntchito, musapiteko.

Nyengo muziiona pa MetService musanalowe, ndipo za kugumuka kwa chipale pa New Zealand Avalanche Advisory. Mphepo yofunda ya kumpoto chakumadzulo ikayamba, ndi mitambo yosalala yotambalala pamwamba pa mapiri, mvula ili m'njira, ndipo ikhoza kugwa kumitu ya mitsinje inu muli padzuwa. Mtsinje umene munawoloka m'mawa madzi ali m'mawondo madzulo ukhoza kukhala wina. Madzi akada, akamanyamula zinyalala, kapena mukamva miyala ikugubuduka pansi pake, musawoloke. Gonani tsidya lomwelo ngakhale msasa ukuoneka. Mitsinje imeneyi imadzaza msanga ndipo imaphweranso msanga. Pa chifukwa chimenechi m'chikwama cha tsiku muzikhala jekete yofunda, kalona kakang'ono ndi kamba wa usiku umodzi.

M'tinyumba ta DOC chotsani zipolopolo musanafike pakhomo, lembani m'buku la alendo kumene mukupita ndi tsiku lobwerera, ndipo nkhuni zimene mwasonkha mubwezeretse. Pamsasa samalani ndi kea, zinkhwe za m'mapiri zimene zimang'amba tenti ndi jombo zosiyidwa panja. N'zotetezedwa, musazidyetse kapena kuzigenda. Zimadyanso mitembo ya nyama, ndipo tizidutswa ta mtovu timazipha, n'chifukwa chake alenje ena a tahr asinthira ku zipolopolo za kopa.

Nyama, chikopa ndi nyanga

Musanasake dera lililonse onani pa tsamba la DOC ngati munathiridwa poizoni wa 1080 kapena wina wophera makoswe ndi tinyama ta m'mitengo totchedwa possum. Zikwangwani zimakhalanso polowera. Nyama ya m'dera lotero, kapena loyandikana nalo, sidyedwa mpaka nthawi yochenjeza itatha. Potumbula yang'anani mapapo ndi anabere, chifukwa m'madera ena mbawala zimakhala ndi TB ya ng'ombe. Matumbo ndi zotsala muzisiye kutali ndi madzi ndi njira. Nyama ya ulenje ndi yodya inu ndi anzanu, kugulitsa n'koletsedwa, ndipo kubwera nayo kuno pa ndege musakuganizire. Idyeni komweko, yotsala mupatse amene anakulandirani.

Chikopa cha tahr musachikoke pamiyala. Sendani pomwepo, kuyambira kumbuyo kwa mapewa ngati mukufuna cha mutu ndi chifuwa, ndipo musiye chikopa chochuluka kuposa chimene mukuganiza kuti chikufunika, pakuti wokonza akhoza kudula koma sangawonjezere. Chiyanikeni pamthunzi chizizire musanachipinde, chifukwa ubweya wokhuthalawo umasunga kutentha ndipo chikopa chotentha chimathothoka. Makutu, milomo ndi zikope zimafuna kutembenuzidwa ndi kampeni kakang'ono musanathire mchere, ndipo ntchito imeneyo ndi bwino aigwire namulondola inu mukuonerera.

Nyanga ndi zikopa zisiyeni kwa katswiri wofufuta ndi kuumba mitu ya nyama wa komweko. Iye ndiye amaphika chigaza, kufufuta chikopa, kutenga chikalata cha zaumoyo wa nyama ku Ministry for Primary Industries ndi kupereka bokosilo kwa otumiza katundu. Zimatenga miyezi ingapo. Inu mukafika kwanu pitani ku ofesi ya zaumoyo wa ziweto ndi ya zanyama zakutchire mukapemphe chilolezo cholowetsera, ndipo mumutumizire kope lake bokosilo lisananyamuke. Kutumiza chikopa chofufuta ndi nyanga zokha n'kotsika mtengo kwambiri kuposa mutu woumbidwa kale, ndipo okonza mitu aluso aliko ku South Africa ndi ku Zimbabwe.